Nsomba za m'Foni ndi Nsomba za mu Mphika

Amayi anzanga, ife a kumapiri kuno ku Dedza nsomba timazidziwa zitauma kale. Mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi mapichesi n'zathu, ndipo tingathe kuzifotokoza kuyambira tsiku lobzala kufikira tsiku lokolola. Koma usipa, utaka ndi mcheni zimatipeza zili m'madengu, zitakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Tikapita pa msika wa pa Boma, pa Chimbiya kapena pa Bembeke, timangoyang'ana milu, n'kufunsa mtengo, n'kudandaula kuti mulu wachepa. Za kumene nsombazo zimaswana ndiponso chimene chikuchepetsa muluwo chaka ndi chaka, ambiri a ife timati n'za anthu a kunyanja. Lero ndafuna kuti tikambirane nkhani imeneyi, pakuti ndaona kuti ikutikhudza koposa m'mene timaganizira, ndipo chimene chandiyambitsa kuilingalira ndi masewera a ana.

Pa tchuthi chapitachi tinali ndi mlendo, mdzukulu wathu wa zaka 13 amene amakhala ndi makolo ake ku Lilongwe. Mnyamatayu ndi waulemu, akatumidwa sanyinyirika, koma ntchito ikangotha ankakhala pa khonde ataweramira foni, chala chili m'mwamba ngati mlenje wodikira nyama. Tsiku lina ndili kusankha nyemba ndinangomva akufuula kuti, "Agogo, taonani, ndagwira yosowa!" Ndinaika lichero pansi kuti ndione chodabwitsacho. M'kagalasi ka foni munali nsomba yonyezimira ngati golide, ya zipsepse zazitali, yoti sinakhalepo m'madzi alionse a pa dziko lino.

Ndinamupempha kuti andifotokozere bwino, ndipo ndikuuzeni monga ndinamvera, chifukwa ambiri a inu muli ndi ana ochita zomwezi. Masewerawa amayenda pa intaneti, ndipo ana a m'maiko osiyanasiyana amasewera nthawi imodzi, aliyense ali kwawo. Wosewera amakhala ndi bwato lake, mbedza yake ndi nyambo yake, zonse zojambula. Akaponya mbedza amadikira, nsomba ikadya amakoka ndi chala. Nsomba wamba zimagwidwa kawirikawiri, koma pali zina zosowa zimene zimatuluka mwa kamodzikamodzi, zina usiku wokha, zina pokhapokha m'masewera momwemo mukugwa mvula. Eni masewerawa, pofuna kuti ana asatope nawo, amati pakapita kanthawi n'kuonjezamo nsomba zatsopano, ndipo mbiri imawanda pakati pa osewera kuti kwabwera zachilendo. Tsono chimene chinandiseketsa n'chakuti mulinso mphika wophikira mankhwala. Mwana amatolera mamba a nsomba, zigoba za nkhono ndi timaluwa ta m'madzi, n'kusakaniza monga mwa malangizo, ndipo mumatuluka kabotolo ka mankhwala a mwayi. Akamwetsa kamunthu kake ka m'foni, kwa mphindi zowerengeka nsomba zosowa zimayandikira mbedza yake. Wosafuna kuvutika ndi kutolera angathe kungogula mwayiwo ndi ndalama zenizeni.

Sindikufuna kunyoza masewerawa ngati kuti mulibe kabwino. Ndinaona kuti mwanayu amawerenga Chingerezi msanga pofuna kumva malangizo, amawerengetsa bwino zimene ali nazo asanasakanize, ndiponso amadziwa kugwirizana ndi anzake. Komabe pali chinthu chimene mayi aliyense ayenera kuchimvetsa. Nsomba ya m'foni imasowa chifukwa munthu wina, atakhala pa kompyuta, analamula kuti izisowa. Iye yemweyo atafuna angathe kuichulukitsa mawa m'mawa. Anaikonza motero podziwa kuti munthu sachoka msanga pamalo pamene sakudziwa ngati mwayi wake uli pa kuponya kotsatira. Ndi nyambo yomweyi imene imasunga abambo ena pa njuga mpaka nkhuku kulira. Pamene mwana akuganiza kuti akuwedza, wowedzedwa ndi iyeyo, ndipo chokodwa ndi nthawi yake ya homuweki, tulo take ndi ndalama za bandulo zimene mayi wake akanagulira ndiwo. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti kukodwa ndi masewera otere, kufikira munthu kusiya zofunika za moyo wake, ndi matenda ofunika chithandizo. Si ana onse amene amafika pamenepo, koma mmera m'poyamba.

Nditamvetsera zonsezi ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe mlenje wa nsomba zosowa, mpasa umaidziwa?" Anayankha kuti, "Mphasa yogonera, agogo?" Ndinafunsanso za ntchila, ndipo anapukusa mutu. Mwana woti angathe kutchula maina a nsomba zopeka mpaka mawa, sanamvepo za nsomba za m'dziko lake zimene zikusowadi, zimene palibe munthu wa pa kompyuta angazibwezeretse. Mlandu si wake. Anabadwa zitachoka kale pa mbale zathu.

Ine nsomba ya mpasa ndinaidyapo ndili kamtsikana. Malemu bambo anga anali atapita kumunsi kukaona abale, ndipo anabwera nayo yowamba, itakulungidwa m'masamba a nthochi, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu. Mayi anga anaiphika mu mphika wa dothi, anangothira mchere ndi tomato, ndipo mafuta ake anayandama pamwamba pa msuzi. Tinaidya masiku awiri, apongozi a mayi anga n'kulandirako nthuli yawo m'kambale kovundikira. Nsomba imeneyi imakulira m'nyanja ya Malawi, koma ikafuna kuswana imakwera mitsinje ikuluikulu monga Bua ndi Linthipe, mvula ikatha, kufunafuna malo a madzi oyera othamanga pa timiyala. Pamenepo ndi pamene imaikira mazira ake, pakati pa nsangalabwi, kuti madzi odutsa aziwapatsa mpweya.

Apa ndi pamene nkhani ya kunyanja isandukira yathu. Linthipe ndi mtsinje wathu, madzi ake amachokera kumtunda kuno, ndipo Diamphwe amene amathiramo amachokera ku Dzalanyama. Tikadula mitengo m'mapiri kuotcha makala, tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje osasiyako bango kapena udzu, mvula yoyamba imakokolola nthaka yathu yofiira n'kupita nayo kumunsi. Ife timalira kuti munda waguga, osadziwa kuti dothi lomwelo lakakwirira timiyala tija, mazira n'kufera m'matope. Motero mayi wa ku Linthipe amene sanaonepo nyanja angathe kuchepetsa nsomba za ku Salima ndi khasu lake, kenaka iye yemweyo n'kukadandaula pa msika kuti mulu wachepa.

Ntchila nayo inali nsomba yochuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1950, yotsatana ndi chambo pa malonda. Inkakwera mitsinje ndi madzi osefukira a mvula yoyamba itadzaza mazira, ndipo anthu ankaitchingira ndi maukonde ndi miono pa mathiriro. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inali itayamba kale kusowa, ndipo kuchokera pamenepo sinabwererenso mwakale. Chambo chimene timanyadira pamaso pa alendo chinatha mphamvu m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba za zamoyo zimene zili pangozi, linaika chambo m'gulu la nsomba zotsala pang'ono kutheratu. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo ndi chifukwa chake chigawo cha ku Cape Maclear chinasanduka malo otetezedwa m'chaka cha 1980, n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Koma pakamwa pachuluka. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 5.5 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo m'boma lathu lokha la Dedza tinali oposa 830,000. Tonsefe tifuna ndiwo madzulo, pamene nyanja ndi yomwe ija.

Tsono tikambe za mankhwala, pakuti mphika wa m'foni uja unandikumbutsa mtondo. Amene tinakulira m'midzi tikudziwa katupe ndi mthuthu. Mwezi wa Okutobala, mitsinje itaphwa n'kutsala maiwe okhaokha, anthu ankasinja zimenezi n'kukathira m'dziwe, n'kumavundula ndi mitengo. Pasanapite nthawi yaitali milamba ndi matemba zinkayamba kuyandama, mimba zili m'mwamba, ndipo amayi ndi ana tinkangowola ndi malichero. Ululu wa m'masamba a mthuthu umalowa pa ziwalo zimene nsomba imapumira, motero imabanika ili m'madzi momwemo. Tsiku limenelo m'mudzi munkamveka fungo la nsomba nyumba iliyonse. Koma mankhwala sasankha. Ankapha zazikulu ndi zazing'ono, za mazira ndi timwana tosaoneka ndi maso, nkhanu ndi achule omwe, ndipo dziwe lija linkakhala zii kwa nthawi yaitali. Agogo anga aakazi ankakana kudya nsomba zotere, ankati ndi kudya mbewu. Masiku ano kwafika choipa choposa, pakuti ena amathira m'mitsinje mankhwala a m'botolo opopera mbewu za kudimba, ndipo nsomba zophedwa motero zimakafika pa mbale ya mwana, madzi omwewo n'kumamwa ng'ombe ndi anthu a kumunsi. Lamulo la za nsomba la m'chaka cha 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala a ululu, koma kumitsinje ya kutali wolondera weniweni ndi mayi amene akukana kuphika nsomba yokayikitsa. Mthuthu pawokha si mdani. Ukabzalidwa m'munda umabwezera chonde m'nthaka, ndipo madzi a masamba ake onyika amathamangitsa nsabwe za pa ndiwo zamasamba. Chofunika n'kuutalikitsa ku mtsinje.

Pali mankhwala ena amene sitiwatchula mokweza, koma pa tsamba lathu lino tili tokhatokha. Ndikunena kondaine. Mayi akaona kuti bambo a kunyumba ayamba kufika usiku, kapena maso awo ali kwina, sipalephera mnzake womunong'oneza kuti kwakutikwakuti kuli munthu wodziwa kusakaniza, ungothira pang'ono m'ndiwo basi. Mtima wopwetekedwa umamva msanga uphungu wotere, ndipo sindikuseka mayi aliyense amene anafikapo pa maganizo amenewa, chifukwa kusiyidwa kumawawa. Koma taganizirani za dziwe lija. Nsomba ya katupe imabwera yokha m'manja mwako chifukwa yaledzera ndi ululu. Kodi mwamuna wobwera motero, ngati angabwere n'komwe, ndiye amene unamufuna? Ndiponso chimene wapatsidwa m'kapepalacho sukuchidziwa, muyeso wake sukuudziwa, ndipo mbale imene wathiramo mawa adzanyambita ndi mwana wako. Ndalama zapita, ndipo bambowo akadwala mlandu udzagwera iwe wophika. Nkhani ya m'banja ili ndi njira yake: kukambirana awiri pa mphasa, ndipo zikakanika, ankhoswe alipo, ndi ntchito yawo. Njirayi ndi yochedwa ndipo nthawi zina siibweza munthu, koma siisiya maliro pakhomo.

Mwaona tsono kuti kabotolo ka m'foni, mtondo wa katupe ndi kapepala ka kondaine zimalonjeza chinthu chimodzi, kuti upeza lero chimene ena amachidikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu a ku Salima ali ndi chitsanzo chooneka ndi maso pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbacho nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala kufikira mu Epulo, ndipo asodzi onse amachokapo kuti nsomba ziswane mwamtendere. Potsegulira pamakhala mwambo, ndipo pa chilumbapo saloleza mowa kapena njuga. Asodzi amachokera kutali kukapha nsomba kumeneko chifukwa zimapezeka zazikulu. Mankhwala awo ndi miyezi inayi ya kudziletsa. Boma nalo limatseka usodzi wa makoka ena m'nyanja ya Malawi kumapeto kwa chaka, nthawi imene chambo chikuswana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi timwana take m'kamwa, choncho wopha mayi mmodzi nyengo imeneyo wapha banja lonse.

Kwathu kuno, ine ndi bambo a kunyumba tinakumba dziwe laling'ono kumunsi kwa dimba lathu, pamene pali kasupe wosaphwa. M'litali ndi mamita 20, m'lifupi 10, ndipo kozama madzi amalekeza m'chiuno. Alangizi a za nsomba anatithandiza kupeza mbewu ya makumba ndi chilunguni. Ngati pali kusakaniza kumene ndingakuphunzitseni ndi mtima woyera, ndi uku. Timathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'thumba n'kuliviika pa ngodya ya dziwe, kufikira madzi atasanduka obiriwira, pakuti kubiriwirako ndi tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Ukapisa mkono mpaka m'chigongono n'kulephera kuona chikhato chako, manyowa akwana, uyambe waleka. M'mawa ndi madzulo timawaza madeya a chimanga, ndipo chilunguni chimakondanso masamba a mbatata ndi a chinangwa. Adani alipo: katumbu amabwera usiku, ng'azi masana, ndi mbalame zodya nsomba zimene zimaima pa gombe ngati zosalakwa. Vuto lathu lalikulu a kumapiri ndi chisanu. Mu Juni ndi Julaye madzi amazizira, nsomba zimadya pang'ono ndipo kukula kumaima, kotero kuti zimene anzathu a kuchigwa amakolola pa miyezi 6, ife timadikira kupitirira apo. N'chifukwa chake timaika mbewu kukayamba kufunda, cha mu Seputembala. Sitinalemere nalo dziweli, koma mlendo akafika mwadzidzidzi sindithamangitsa nkhuku, ndipo matope a pansi pake tikamakonza amapita pa mabedi a kabichi.

Mdzukulu uja ndinamutuma kuti azikawaza madeya m'mawa. Masiku oyamba ankapita foni ili m'thumba, n'kubwerera msanga. Kenaka anazindikira kuti nsomba zimadziwa nthawi yake ya chakudya, zimasonkhana pa ngodya imodzi zikamva mapazi, ndipo anayamba kuchedwako. Agogo ake aamuna anamupangira mbedza pa kansungwi, nyambo yake nyongolotsi. Anakhala m'mawa wonse osagwira kanthu, ndipo anabwera atakwiya, akuti m'foni sizichedwa chonchi. Tsiku lachitatu anagwira kamodzi kotalika ngati chikhato chake. Anakapala yekha mamba, ndinamukazingira, ndipo anakadya mpaka mutu. Masewera ake sanawasiye, ndipo ine sindinamuletse, koma pobwerera ku Lilongwe anandilembetsa pa pepala maina a nsomba za kwathu kuti akafunse aphunzitsi ake.

Chimene ndikupempha kwa inu, amayi anzanga, si chachikulu. Mwana akakhala pa foni, musangokalipa muli patali. Khalani naye pansi akuonetseni chimene akuchita, mufunse ngati mukulowa ndalama, ndipo mugwirizane nthawi yoyamba ndi yolekera, makamaka masiku a sukulu. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni yanu ikhale yanu nokha. Pa msika, mukaona timwana ta chambo, tija amati kasawala, tikugulitsidwa pa mulu, dziwani kuti mukugula chambo cha chaka chamawa chisanakule. Wogulitsa amabweretsa chimene ife timagula. Neti yoteteza udzudzu imene munalandira ku sikelo ikhale pa bedi, isapite ku mtsinje, chifukwa maso ake ang'onoang'ono sasiya ngakhale dzira. Polima kudimba, siyani kamzere ka bango ndi udzu m'mbali mwa madzi, ndipo pamene pagumuka bzalanipo nsungwi kapena vetiva. Amene muli ndi malo a chinyontho, kambiranani ndi abambo kapena ndi gulu lanu la amayi za kukumba dziwe, alangizi a zaulimi a m'dera lanu akulozerani koyambira.

Madzi akatayika saoleka. Ntchila ana athu aiphonya kale, ndipo chambo ambiri amangochionera pa zithunzi chifukwa cha mtengo. Zimene zatsala zili m'manja mwa asodzi, mafumu ndi boma, komanso m'manja mwa ife ogwira khasu ndi chipande kumtunda kuno. Madzulo ano popakula ndiwo, muwauze ana dzina la nsomba imene akudya ndi kumene yachokera.